Mbiri ya Msonkho m'Malawi ndi Mmene Wakhudzira Mabanja

Msonkho wa boma unayamba kutoleredwa m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, dzikoli litangolowa m'manja mwa Britain. Kwa zaka pafupifupi 100 kuchokera pamenepo, anthu ambiri ankakhoma ndalama yofanana, yowerengedwa pa nyumba kapena pa mutu wa mwamuna, popanda kufunsa kuti munthuyo wapeza zingati chaka chimenecho. Msonkho wowerengedwa pa zopeza za munthu, umene apantchito amaudziwa kuti PAYE, unabwera pambuyo, ndipo mpaka lero umafika mwachindunji pa makomo owerengeka. Kafukufuku wa akatswiri a mbiri yakale ndi a zachuma wasonyeza kuti wofuna kudziwa kulemera kwa msonkho pa banja ayenera kuona zimene banjalo linachita, ndi zimene linasiya kuchita, kuti ndalamayo ipezeke.

Mitulo ya mafumu

Atsamunda asanafike, mafumu akuluakulu a Amaravi monga Kalonga, Undi ndi Lundu ankalandira mitulo kuchokera kwa mafumu ang'onoang'ono ndi anthu awo. Mlenje akapha njovu, mnyanga umene wagunda pansi unali wa mwini dziko. Zikopa za mkango ndi nyalugwe nazo zinkapita kwa mfumu, pamodzi ndi mchere, makasu, nyama kapena zokolola, malinga ndi zimene dera linkatulutsa. Mitulo inkaperekedwa mu zinthu zimene anthu anali nazo kale, ndipo mfumu inali ndi udindo wobweza: kuweruza milandu, kutsogolera nsembe zopempha mvula ndi kutsegula nkhokwe zake m'chaka cha njala. M'zaka za m'ma 1800 midzi yambiri inkaperekanso chakudya kwa magulu ankhondo pogula mtendere. Chimene kunalibe ndi lamulo loti khomo lililonse lizitulutsa ndalama yachitsulo chaka ndi chaka.

Msonkho wa nyumba

Britain inalengeza ulamuliro wake m'dera lino mu 1891, ndipo Harry Johnston anakhala mkulu wa boma ku Zomba. Mfundo ya ku London inali yoti dziko lililonse lolamulidwa lizidzipezera lokha ndalama zoyendetsera boma. Johnston ankalandira mapaundi 10,000 pachaka kuchokera ku kampani ya Cecil Rhodes ya British South Africa Company, koma zambiri zinkathera kwa asilikali ndi nkhondo zolimbana ndi mafumu amene ankakana ulamuliro watsopanowo. Choncho anatembenukira kwa eni dziko. Poyamba anaika masheleni 6 pa mwamuna aliyense m'madera a kumwera amene boma linali litawagwira. Amishoni a ku Blantyre anadandaula kuti ndalamayo yanyanya, ndipo pofika 1894 msonkho unali masheleni 3 pa nyumba iliyonse pachaka.

Msonkho unkafika kumene mfuti za boma zafika. Angoni a Gomani anagonjetsedwa mu 1896, a Mpezeni mu 1898, ndipo a M'mbelwa kumpoto analowa pansi pa boma mu 1904 atakambirana ndi mkulu wa boma Alfred Sharpe. Dera likagonja, akalaliki ankalemba nyumba zonse m'kaundula, ndipo posakhalitsa amesenjala ndi asilikali ankayamba kuyendera midzi. Nyumba ya munthu wosakhoma inkatenthedwa, ndipo nthawi zina akazi ankagwidwa n'kusungidwa pa boma mpaka amuna awo atabwera ndi ndalama. M'zaka zoyambirira boma linkalandira chimanga, mpunga kapena ziweto, koma pang'onopang'ono linayamba kuumirira ndalama.

Kuwerenga msonkho pa nyumba kunalowerera m'kakhalidwe ka pabanja. Mwamuna wamitala ankakhomera nyumba ya mkazi aliyense. Mkazi wamasiye kapena mbeta yokhala m'nyumba yakeyake inkalowanso m'kaundula, pokhapokha bwana wa pa boma atakhululuka. Ena anayamba kuunjikana m'nyumba imodzi, ena ankathawira kutchire kapena kuwoloka malire akamva kuti amsonkho agona m'mudzi woyandikana nawo. Boma linayankha ndi msonkho wa pamutu, woti mwamuna wamkulu wopanda nyumba yakeyake azikhomanso. Malamulo a mu 1912 ndi 1933 anapatsa mafumu udindo wothandiza kutolera, moti nyakwawa, imene anthu ankathawirako pa mavuto, inakhalanso yolozera amesenjala khomo la munthu wosakhoma.

Msonkho, tikiti ndi thangata

Msonkho unali ndi cholinga chachiwiri chimene boma silinkabisa. Azungu amene anatenga malo aakulu ku Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje ankalima khofi, kenako thonje, fodya ndi tiyi, ndipo ankasowa antchito, makamaka m'dzinja pamene aliyense ali m'munda mwake. Munthu wa nkhokwe yodzaza analibe chifukwa chokalimira wina. Masheleni 3 a msonkho ankafanana ndi malipiro a mwezi umodzi pa esiteti. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 boma linakweza msonkho kufika pa masheleni 6, koma amene wabweretsa chikalata chosonyeza kuti wagwira ntchito kwa Mzungu mwezi wathunthu ankakhoma theka. Mlimi wodzilimira yekha ankakhoma kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi mnzake wa pa esiteti. Dongosolo limeneli linatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, pamene aliyense anayamba kukhoma masheleni 6.

Mwezi wa pa esiteti unkawerengedwa pa tikiti, kapepala kamene kapitawo ankachongapo madzulo alionse wantchito akamaliza ndime yake. Ndime ikapanda kutha, kapena kapitawo akapanda kukhutira nayo, tsikulo silinkachongedwa. Lamlungu ndi tsiku lodwala nawo sankawerengedwa. Motero mwezi umodzi unkatha masabata 6 kapena kuposa, ndipo masabatawo ankagwera nthawi yodzala, yopalira ndi yobandira. Mwamuna ankabwerera kwawo ndi chikalata cha msonkho n'kupeza udzu utapitirira chimanga.

Alomwe amene ankalowa kuchokera ku Mozambique kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, pothawa nkhanza ndi misonkho ya Apwitikizi, ambiri anakhazikika pa maesiteti. Iwo ankagwira thangata: mwezi umodzi wolipirira malo okhala, wina wa msonkho umene mwini esiteti ankawakhomera ku boma. Landeg White, pofufuza mbiri ya Magomero, anasonyeza mmene miyezi iwiri imeneyi inkatalikira pa esiteti ya A. L. Bruce mu ulamuliro wa William Jervis Livingstone, mpaka kudya gawo lalikulu la nyengo yolima. Livingstone anaphedwa usiku wa pa 23 Januwale 1915 pamene anthu a John Chilembwe anaukira, ndipo komiti imene inafufuza za kuukirako inamva madandaulo ambiri okhudza thangata ndi katoleredwe ka msonkho. Zimenezi zisanachitike, mu 1908 ndi 1909, Elliot Kamwana anali atabatiza anthu masauzande ambiri pakati pa Atonga polalikira za ufumu ukudzawo wopanda msonkho, ndipo boma linamuchotsa m'dziko. Thangata linathetsedwa ndi lamulo mu 1962.

Ofufuza ena atsatira kumene ndalamazo zinkapita. Msonkho wa eni dziko unali gwero lalikulu la ndalama za boma, komabe sukulu ndi zipatala zambiri za kumidzi zinali za mishoni. Leroy Vail anasonyeza kuti ngongole za njanji ya Trans-Zambezia, imene inatsegulidwa mu 1922, ndi za mlatho wa pa Zambezi, umene unatha mu 1935, zinalemetsa boma la Nyasaland kwa zaka zambiri ndi kutsekereza ndalama zimene zikanatukula midzi yokhoma msonkhoyo.

Ku Halale ndi ku Joni

Kumpoto ndi m'madera ambiri a pakati kunalibe maesiteti okwanira kapena misika yogulitsako mbewu. Masheleni a msonkho ankapezeka kutali: ku migodi ndi mapulazi a ku Southern Rhodesia, kumene anthu ankati ku Halale, ku migodi ya golide ya ku Joni, ndipo pambuyo pake ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia. Ena ankalembedwa ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi, ena ankayenda okha pa selufu, masabata angapo wapansi. Malipiro a kumeneko ankaposa a kwawo kangapo, moti ulendo umodzi unkakwanira msonkho wa zaka zingapo ndi nsalu za apabanja.

Mavuto a zachuma amene anagwera dziko lonse lapansi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 anagwetsa mitengo ya fodya ndi thonje, koma msonkho sunatsike. Komiti imene boma linakhazikitsa mu 1935 motsogozedwa ndi Travers Lacey inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000, kapena oposa mmodzi mwa anayi alionse, anali kunja kwa dziko, ndipo inatchula msonkho pakati pa zifukwa zazikulu zowachotsa pakhomo. Lipoti lake linafotokoza za midzi yotsala ndi akazi, ana ndi nkhalamba. Mkazi amene mwamuna wake watchona ankatsala ndi nyumba yolembedwa m'kaundula, ndipo kuti apeze za msonkho ankafulula mowa, kugulitsa nkhuku kapena kugwira ganyu m'minda ya eni ake, wake ukudikira.

Kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti mabanja sankavutika mofanana. Margaret Read, amene anayendera midzi ya ku Nyasaland chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 n'kufalitsa zimene anapeza mu 1942, anaona kuti midzi ya Angoni inkapirira bwino kusowa kwa amuna, chifukwa mkazi ankakhala kuchimuna pakati pa abale a mwamuna wake amene ankathandiza kulima ndi kusamala ng'ombe. M'midzi ya Achewa ya chikamwini, mkamwini akachoka munda unkatsala wopanda mwamuna, ndipo maukwati ambiri ankatha. Jaap van Velsen, amene anakhala pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, anapeza zosiyana: chinangwa sichinkafuna mikono yambiri ya amuna, ndipo ndalama zotumizidwa kuchokera kunja zinkalimbitsa mudzi, pakuti wapaulendo ankadziwa kuti akadzakalamba adzabwerera komweko. Megan Vaughan, pofufuza za njala ya mu 1949 m'boma la Blantyre, anasonyeza kuti amene anazunzika kwambiri anali akazi osiyidwa ndi amuna awo, opanda malipiro a wina aliyense oti agulire chakudya.

Choncho masheleni omwewo ankalemera mosiyana malinga ndi mbewu imene dera linkalima, mwambo wa ukwati ndi kutalika kwa msika. M'kupita kwa nthawi amuna ankapita kunja pofunanso njinga, makina osokera, malata ndi za malowolo. Boma la Malawi linaimitsa ulendo wa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 ochokera ku migodi. Ulendowu unayambiranso mu 1977 kudzera ku Theba, dzina latsopano la bungweli, ndipo unatheratu mu 1988.

Msonkho wa pa zopeza

Msonkho wowerengedwa pa zimene munthu wapeza unayambira ku Britain mu 1799, mu ulamuliro wa William Pitt, pofuna ndalama za nkhondo yolimbana ndi France. Njira ya PAYE, yodula msonkho pa malipiro wantchito asanalandire, inakhazikitsidwa kumeneko mu 1944. Ku Nyasaland lamulo la msonkho wa pa zopeza linabwera mu 1921, ndipo kwa zaka zambiri linkakhudza Azungu, Amwenye ndi makampani. Dziko limodzi linali ndi miyeso iwiri. Wokhoma pa zopeza anali ndi gawo la ndalama losadulidwa msonkho, ankachotserako za mkazi ndi ana, ndipo mlingo unkakwera malinga ndi kuchuluka kwa zopeza zake. Mwini dziko ankakhoma ndalama yofanana, kaya ndi kalaliki wa boma kapena mlimi amene dzombe lamudyera munda. Msonkho wofanana wotere umalemera kwambiri kwa wosauka, chifukwa umatenga gawo lalikulu la zochepa zimene ali nazo.

Pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, msonkho wa pa zopeza unali m'manja mwa boma la chitaganya ku Salisbury, limene linkagawira maiko atatuwo, pamene msonkho wa pamutu unatsala ndi boma la ku Zomba. Mabuku a maofesi a msonkho a nthawi imeneyo anadzathandiza Anthony Atkinson, katswiri wa zachuma wa ku Oxford, poyerekeza kusiyana kwa olemera ndi osauka m'maiko a mu Africa amene ankalamulidwa ndi Britain, kuphatikizapo Malawi. Mabukuwo anasonyeza kuti okhoma pa zopeza anali kagulu kochepa zedi, kamene kankatenga gawo la ndalama za dziko losagwirizana ndi kuchepa kwake.

Ulamuliro wa Kamuzu Banda

M'nyengo imene Malawi ankalandira ufulu mu 1964, lamulo latsopano la msonkho linaika nzika zonse pansi pa dongosolo limodzi la magawo atatu. Pansi penipeni panali msonkho wa pamutu, umene mwamuna aliyense wa zaka 18 kapena kuposa ankakhoma, ndipo kwa zaka zambiri unali K3.50 pachaka. Apantchito a malipiro otsika ankadulidwa msonkho wokwera pang'onopang'ono malinga ndi malipiro awo. Pamwamba panali PAYE ndi msonkho wa eni bizinesi. Kumudzi kusintha kunali kochepa: chiphaso cha msonkho chinkafunsidwabe pa msika ndi pamsewu, ndipo amuna osakhoma ankagonabe kutchire amsonkho akamayendera dera. Pa chiphasocho panawonjezeka khadi la chipani cha Malawi Congress Party, limene ayufi ankafunsa polowa mu msika ndi pokwera basi. Khadilo silinali msonkho pa lamulo, koma banja linkalisungira ndalama chaka chilichonse chimodzimodzi.

Ndalama zochuluka zinkachoka m'midzi kudzera pa sikelo. Mchitidwewu unayamba ndi bungwe la atsamunda loona za fodya wa eni dziko la Native Tobacco Board mu 1926, ndipo unakula pansi pa ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971. Mlimi wamng'ono ankagulitsa fodya wachikopa, thonje ndi mtedza ku ADMARC pa mtengo woikidwa ndi boma, ndipo bungwelo linkagulitsa mbewuzo pa mtengo wokwera ku okushoni kapena kunja. Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen, m'kafukufuku wawo wa mu 1982, anasonyeza kuti kusiyana kwa mitengoku kunali msonkho wobisika pa alimi ang'onoang'ono, ndipo phindu lake linkapita ku maesiteti a fodya ndi makampani akuluakulu monga Press Holdings. Pa nthawi yomweyo lamulo linkaletsa alimi a m'midzi kulima fodya wa bale, mpaka mu 1990. Mabanja ambiri, poona kuti ulimi wa pakhomo sukupindula, anakalowa utenanti kapena ntchito pa maesiteti. Monga zinalili ndi msonkho wa nyumba, ndondomeko ya boma yopezera ndalama inasankhira mabanja kumene mikono yawo ikagwire ntchito.

Kukonzanso misonkho

M'zaka za m'ma 1980 chuma cha dziko chinalowa pansi. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira za ku Beira ndi Nacala, ngongole zinakula, ndipo boma linayamba kusintha kayendetsedwe ka chuma motsatira upangiri wa World Bank ndi IMF. Kuyambira chakumapeto kwa zaka zimenezo misonkho inakonzedwanso. Mlingo wapamwamba wa msonkho wa pa zopeza unatsitsidwa pang'onopang'ono kuchoka pa 50 peresenti mpaka unadzafika pa 30 peresenti, ndipo boma linayamba kudalira kwambiri msonkho wa pa katundu wogulidwa. Chinyamata Chipeta, m'kafukufuku wake wa mu 1998, anapeza kuti ndalama za msonkho sizinkakula zokha mofanana ndi kukula kwa chuma, moti boma linkangokhalira kukweza milingo ndi kuyambitsa misonkho yatsopano.

Msonkho wa pamutu unathetsedwa m'nyengo imene dziko linkalowa ndale za zipani zambiri, ndipo khadi lokakamiza linathera pomwepo. Kwa nthawi yoyamba m'zaka 100, mwamuna wa kumudzi wosalembedwa ntchito analibe ngongole ya chaka ndi chaka ku boma. Lamulo la mu 1998 linakhazikitsa bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito mu 2000 pophatikiza nthambi ya msonkho wa pa zopeza ndi ya kasitomu. Msonkho wa pa katundu wotchedwa surtax, umene unayamba mu 1970, unalowedwa m'malo ndi VAT mu 2005, ndipo kuyambira 2008 mlingo wake unakhala pa 16.5 peresenti kwa zaka zambiri. Bajeti ya 2011/12 inawonjezera misonkho pa nthawi imene mafuta ndi ndalama zakunja zinkasowa, ndipo inali pakati pa madandaulo a zionetsero za pa 20 Julayi 2011. Nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ya Cashgate itaphulika mu 2013, maiko othandiza, amene ankapereka pafupifupi 40 peresenti ya bajeti, anaimitsa thandizo lopita mwachindunji ku thumba la boma, ndipo katundu wotolera ndalama m'dziko momwemuno anakula.

PAYE ndi banja la wapantchito

Msonkho wa PAYE umadulidwa m'magawo. M'chaka cha boma cha 2024/25, K150,000 yoyamba pamwezi sinkadulidwa kanthu, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, K2,050,000 yotsatira 30 peresenti, ndipo zotsala pamwamba 35 peresenti. Wolandira K400,000 ankadulidwa K62,500, kapena pafupifupi 16 peresenti ya malipiro ake. Wolandira K1,000,000 ankadulidwa K237,500, pafupifupi 24 peresenti. Apa ndi pamene msonkhowu umasiyana ndi wa pamutu: wopeza zambiri amapereka gawo lalikulu.

Koma apantchito olembedwa m'mabuku a olemba ntchito ndi ochepa. Kafukufuku wa ofesi ya boma ya National Statistical Office wa mu 2013 anapeza kuti 89 peresenti ya anthu ogwira ntchito anali pa ntchito zosalembedwa mwalamulo, monga ulimi wa pakhomo, ganyu ndi geni. Mtolo wa PAYE umagwera aphunzitsi, anamwino, apolisi, ogwira ntchito m'boma, m'mabanki ndi m'makampani, amene sangauzembe chifukwa umadulidwa ndalama isanafike m'manja. Komanso lamulo limaona munthu payekha, ndipo silichotsera kanthu chifukwa cha ana kapena achibale. Aphunzitsi awiri a malipiro ofanana amadulidwa mofanana, ngakhale mmodzi akukhala yekha pamene winayo akulipirira fizi ana a mchemwali wake ndi kutumiza za feteleza kwa makolo kumudzi. Mwa njira imeneyi PAYE imafikanso m'makomo amene mulibe wapantchito.

Mkangano wa chaka ndi chaka pa nthawi ya bajeti umakhala pa gawo losadulidwa msonkho. Gawoli linali K20,000 pamwezi mu 2013, K30,000 mu 2017, K35,000 mu 2018 ndi K45,000 mu 2019, kenako linakwera kufika pa K100,000 mu 2020. Kukweza kwa mu 2020 kunasiyira aliyense wolandira K100,000 kapena kuposa ndalama zopitirira K15,000 pamwezi, koma wolandira zosapitirira K45,000 sanapindule kanthu chifukwa sankadulidwa ndi kale. Gawolo linakhala pa K100,000 mpaka 2024, ndipo pakati pa zaka zimenezi kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kukwera mitengo kwa zinthu kumadya gawo losadulidwalo ngati nankafumbwe m'nkhokwe: malipiro akakwezedwa kuti athamangitsane ndi mitengo, gawo lalikulu limalowa m'milingo yapamwamba, ndipo wantchito amakhoma zambiri ngakhale zimene angagule sizinachuluke. N'chifukwa chake mabungwe a apantchito monga Malawi Congress of Trade Unions amayerekeza gawoli ndi mtengo wa zofunika pa banja la m'tauni, umene bungwe la Centre for Social Concern limawerengera mwezi ndi mwezi.

Msonkho wa m'sitolo ndi pa msika

Mabanja ambiri lero amakhoma kudzera pa mitengo ya zimene amagula. Chimanga ndi zakudya zina zosakonzedwa ku fakitale sizidulidwa VAT, koma shuga, zovala, malata ndi simenti zimadulidwa. Mayunitsi a foni ali ndi msonkho wapadera, ndipo misonkho ya pa mafuta agalimoto imalowa mu mtengo wa minibasi ndi wa katundu aliyense wonyamulidwa pamsewu. Mayi wogulitsa tomato amadula tikiti ya khonsolo tsiku lililonse, malonda ayende kapena asayende, ndipo mlimi wa fodya amadulidwa msonkho pa ndalama zake za ku okushoni zisanafike ku banki. Zimene zili pa mndandanda wa VAT zimasinthasintha: mafuta ophikira ndi madzi a m'mipopi, mwachitsanzo, anachotsedwapo mu 2022 anthu atadandaula.

Kuti adziwe amene akusenza misonkho imeneyi, akatswiri amagwiritsa ntchito kafukufuku wa m'makomo amene National Statistical Office yakhala ikuchita kuyambira 1997/98. Ofufuza amalemba zonse zimene banja lagula, lakolola ndi kulandira, ndipo akatswiri amagawa mabanja m'magulu kuchokera kwa osaukitsitsa mpaka opeza bwino, n'kuwerengera msonkho wobisika m'zogula za gulu lililonse. Kafukufuku wa mu 2019/20 anapeza kuti 50.7 peresenti ya Amalawi anali osauka. Banja lodya zolima lokha limakhoma VAT yochepa, koma losauka la m'tauni, limene limagula chilichonse, limakhoma pa gawo lalikulu la ndalama zake.

Mbali yomaliza ya ntchito ya akatswiriwa imaika pa sikelo zimene banja lapereka ndi zimene lalandira, monga makuponi a feteleza amene anayamba mu 2005/06, Mtukula Pakhomo imene inayambira ku Mchinji mu 2006, ndi maphunziro aulere a pulayimale a mu 1994. Kafukufuku wa mtundu umenewu, amene njira yake inakonzedwa ndi gulu lotsogozedwa ndi Nora Lustig wa ku yunivesite ya Tulane, wachitika ku Zambia, Tanzania, Ghana ndi maiko ena. Kumeneko anapeza kuti msonkho wa pa zopeza umachepetsa kusiyana kwa olemera ndi osauka, koma mabanja ambiri osauka amapereka zambiri kudzera pa misonkho ya katundu kuposa ndalama zimene amalandira kuchokera ku boma. Pa chifukwa chimenechi, akatswiri oyeza bajeti amayang'ana zinthu zitatu pamodzi: milingo ya PAYE poyerekeza ndi kukwera kwa mitengo, mndandanda wa katundu wodulidwa ndi wosadulidwa VAT, ndi kuchuluka kwa thandizo limene limafikadi m'makomo a anthu osauka.